Sikelo ili m'manja mwa ndani? Sosholizimu ndi mlimi wa ku Nambuma

  Lero pa pulogalamu yathu ya mbiri ndi ndale tikamba za liwu limene kwa zaka 30 munthu sankalitchula mokweza m'dziko muno. M'nthawi ya chipani chimodzi, kungomveka kuti uje amakonda sosholizimu, kapena kuti ndi wachikomyunizimu, kunali kokwanira kuti apolisi akamugogodere pakati pa usiku. Masiku ano palibe amene angakumangeni chifukwa cha liwuli, koma ambiri timangolimva ngati dzina la matenda a kutali. Ine ndikuti nkhani yake ili pakhomo pathu pomwe, ili m'nkhokwe ndi m'chigafa, ndipo imafika pachimake tsiku limene mlimi wakweza thumba lake pa sikelo.

Sosholizimu ndi ganizo lakuti chuma chimene anthu ambiri achikhetsera thukuta chisathere m'matumba a anthu ochepa. Minda, migodi, mafakitale ndi misika ziziyendetsedwa mokomera amene amagwiramo ntchito. Ganizoli linakula ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale a nsalu a ku England ankagwiritsa ntchito ngakhale ana aang'ono kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, eni ake n'kumalemera. Kuchokera pachiyambi pomwe, anthu odandaula ndi zimenezi anagawikana njira. Mu 1844, m'tauni ya Rochdale, anthu 28, ambiri a iwo owomba nsalu, anasonkherana ndalama n'kutsegula kasitolo kawo. Anatopa ndi amalonda amene ankasakaniza ufa ndi zinthu zina komanso kuba pa sikelo. Lamulo lawo linali lakuti membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya wasonkha zambiri kaya zochepa, ndipo phindu lizibwerera kwa mamembala. Makopaletivu a dziko lonse lapansi amayang'ana kumeneko ngati kwawo. Patangopita zaka zinayi, mu 1848, Karl Marx ndi Friedrich Engels anatulutsa kabuku kolimbikitsa antchito kuti alande ulamuliro wonse. Njira imeneyi ndi imene Lenin anaitsata ku Russia mu 1917, ndipo inathera pa chipani chimodzi chogwira chilichonse m'dzina la anthu. Njira ina inadzera m'mabungwe a antchito ndi m'mavoti: chipani cha Labour chitapambana chisankho ku Britain mu 1945, chinakhazikitsa chithandizo cha chipatala chaulere kwa aliyense mu 1948, ndipo mpaka lero chilipo.

Mfundo yanga pa mbiri yonseyi ndi imodzi. Funso limene sosholizimu inafunsa, lakuti phindu la thukuta likupita kwa yani, ndi funso loona ndipo silinayankhidwe. Koma paliponse pamene boma linauza alimi kuti khalani chete, ife tikugwirirani chuma chanu, mlimi anatuluka ali wolira, kaya bomalo linkadzitcha la sosholizimu kaya linkadana nayo. Chimene chinapindulira anthu wamba n'chimene iwo eni anachigwira ndi manja awo, n'kukhala ndi mphamvu yofunsa ndi yochotsa woyendetsa. Umboni wake sitikautenga kutali.

Chigawo chino cha Lilongwe ndi Dowa chinalowa m'malonda a dziko lonse kudzera m'fodya wa chikopa. M'zaka za m'ma 1920, mzungu wina dzina lake A. F. Barron anakhazikika ku Mbabzi nayamba kugawira anthu a m'midzi mbewu ya fodya kuti azilima iye n'kumagula. Alimi anaulandira ulimiwu mwamphamvu, moti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira fodya wa anthu akuda. Bungweli linkalemba alimi m'kaundula, kudula msonkho pa fodya wawo, ndi kunena malo ogulitsira. Dzina linasinthasintha, mu 1962 linakhala Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 panabadwa ADMARC. Mayina anasintha, mbendera inasintha, koma dongosolo lakuti mlimi wamng'ono agulitse kwa wogula mmodzi pa mtengo umene sanaukambirane linapitirira.

Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira bwino msika wa masiku amenewo. Munthu ankalawirira ndi ngolo kapena kusenza pamutu, kukafola pamzere dzuwa likuswa mtengo. Wosankha magiredi ankatambasula tsamba, kuliyang'ana, n'kutchula giredi, ndipo mawu ake anali omaliza. Mtedza wa chalimbana umene banja lonse lausenda mpaka zala kutupa unkakwera pa sikelo, kalaliki n'kulemba, ndalama n'kuwerengedwa pa mtengo umene boma linalengeza kale. Kukana kunalibe phindu chifukwa kwina kogulitsa kunalibe. Fodya yemweyo akafika ku okushoni ku Limbe ankagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri kuposa umene mlimi analandira. Akatswiri a zachuma Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anafufuza nkhaniyi, ndipo mu 1982 anaonetsa kuti phindu limene ADMARC inkapeza pa mbewu za alimi ang'onoang'ono linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani, kuphatikizapo a Press, amene mwini wake anali Dr Hastings Kamuzu Banda. Pamwamba pa izo, lamulo linkaletsa mlimi wa pa malo a makolo kulima fodya wa bale ndi wa fuluu, amene anali ndi ndalama zambiri, kufikira mu 1990. Zotsatira zake tinaziona: mabanja ambiri anasiya minda yawo n'kukakhala matenanti m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, kukalima fodya yemwe uja amene kwawo ankaletsedwa.

Apa mpamene pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Poyang'ana kunja, dongosolo limeneli linkafanana ndi la mayiko a sosholizimu: chipani chimodzi kuyambira 1966, boma logula mbewu, boma loika mitengo, achinyamata a Payoniya ophunzitsa ulimi ndi kulondera chipani. Komatu Dr Banda ankadana ndi chikomyunizimu poyera. Anapalana ubwenzi ndi Taiwan m'malo mwa China, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa, limene linabwereketsa ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Pulojekiti yaikulu yotukula ulimi kumadzulo kwa Lilongwe, imene inayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, inabweretsa misewu, mijigo, migula, misika ndi ngongole za feteleza, komanso inayambitsa kulembetsa malo a banja m'dzina la mtsogoleri wa banjalo, zimene kuno timazidziwa kuti ndunda. Cholinga chake chinali kupititsa malo ku umwini wa pepala, zosiyana kotheratu ndi sosholizimu. Choncho Malawi anali ndi dzanja lolemera la boma pa msika popanda lonjezo lakuti phindu ligawidwe mofanana. Amene amati kale tinali pa sosholizimu chifukwa ADMARC inali ya boma akusokoneza zinthu ziwiri. Kukhala cha boma sikutanthauza kukhala cha anthu.

Amalawi amene anaona zinthu zotere n'kuzitsutsa analipo, ndipo mayina awo ayenera kumveka. Kale kwambiri, Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo pofika 1927 linali bungwe lalikulu koposa la antchito akuda kum'mwera kwa Africa. Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, analemba zochenjeza kuti atsogoleri a mayiko ongolandira ufulu akhoza kusanduka opondereza anzawo. Anafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu September 1962, ufulu usanafike. Mu 1964, patangotha milungu yochepa chilandirire ufulu, nduna monga Kanyama Chiume, Henry Masauko Chipembere, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi ndi Willie Chokani zinasemphana ndi Dr Banda. Si onse amene anali a sosholizimu, ayi. Koma taonani zina mwa zimene anakanganirana: ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, thandizo limene China inkalonjeza, ndi tiki, kandalama ka mapeni atatu kamene boma linalamula kuti wodwala azilipira pa chipatala cha boma. Kandalama kakang'ono ngati kameneko kanali ndi funso lalikulu m'kati mwake, lakuti kodi mayi wosauka amene mwana wake watentha thupi usiku ayambe wafufuza ndalama asananyamuke. Ndunazo zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, zambiri zinathawira kunja, ndipo Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi gulu la zida kudzera ku Mwanza.

Pakati pa othawa aja mpamene panabadwa chipani cha Amalawi chodzitcha poyera kuti n'cha sosholizimu, Socialist League of Malawi, chodziwika kuti LESOMA, chimene chinakhazikitsidwa ku Tanzania mu 1974. Mtsogoleri wake, Dr Attati Mpakati, anali katswiri wa zachuma amene anaphunzira ku Soviet Union ndi ku Sweden. Mu 1979 ali ku Maputo analandira kalata yokhala ndi bomba imene inamuduladula zala, ndipo mu March 1983 mtembo wake unapezeka mu mzinda wa Harare. Munthu sapatsidwa chilango chotere ngati mawu ake alibe kulemera. Komabe tinene zoona: LESOMA inalankhula za mlimi wa ku Malawi ili ku Dar es Salaam, ku Lusaka ndi ku Maputo, ndipo mawu ake sanafike pabwalo la mfumu ku Nambuma kuno. Sichinali chifukwa cha ulesi, njira zonse zinali zotsekedwa. Koma gulu lofuna kumasula alimi limene alimiwo sakulidziwa limakhala ngati mbewu yosungidwa m'chikwatu, yabwino ndithu koma yosakhudza dothi.

Wina anena kuti, mwina zinatiyendera bwino kuti sosholizimu sinafike kuno, taonani anansi athu. Mawu amenewa ali ndi mbali yoona ndipo sindiwathawa. Ku Tanzania, Mwalimu Julius Nyerere analengeza mfundo za Arusha mu February 1967, nati dziko lake litsata Ujamaa, kukhala ngati banja limodzi. Poyamba anthu ankalowa m'midzi ya Ujamaa mwa kufuna kwawo, koma kuyambira 1973 boma linayamba kusamutsa anthu mokakamiza, mamiliyoni ambiri, ena kuwachotsa pa nthaka yachonde n'kuwaika m'mbali mwa msewu. Mu 1976 boma lomwelo linathetsa mabungwe a makopaletivu amene alimi a khofi ndi thonje anadzimangira okha kwa zaka zambiri, n'kuika mabungwe a boma m'malo mwake. Zokolola zogulitsa zinatsika. Ku Mozambique, FRELIMO inalengeza mu 1977 kuti ikutsata Marx ndi Lenin, inasonkhanitsa anthu m'midzi ya boma, kuphatikizapo ku Tete kwa abale athu olankhula Chinyanja, ndipo inanyoza mafumu. Nkhondo ya RENAMO inayatsidwa ndi kudyetsedwa ndi maboma a azungu a Rhodesia ndi South Africa, zimenezo n'zosakanika, koma mkwiyo wa anthu osamutsidwa mokakamiza unaipatsa nkhuni. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza ndi kwina, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992. Ku Zambia, Kenneth Kaunda anatenga gawo la 51 pa 100 la migodi ya kopa mu 1969. Mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970, boma linasowa ndalama zotsitsira mtengo wa ufa, ndipo anthu anachita zipolowe mu 1986 ndi mu 1990. Tikapita kutali, njala ya ku Soviet Union ya 1932 ndi 1933 ndi ya ku China ya 1959 mpaka 1961 zinapha anthu mamiliyoni, alimi atalandidwa minda ndi zokolola.

Zonsezi n'zoona, koma tazipendani bwino muone chimene chinalephera. Nyerere sanalakwe pomanga sukulu. Tanzania inaphunzitsa akuluakulu ambiri kuwerenga ndipo inakhala dziko logwirizana lopanda nkhondo za mitundu. FRELIMO sinalakwe popereka katemera kwa ana m'dziko lonse. Cholakwika chinali kulanda mlimi mphamvu yonena kuti ayi. Ndipo cholakwika chimenechi n'chomwecho chimene tachiona pa msika wa ADMARC m'dziko lodana ndi sosholizimu. Ife Achewa tili ndi liwu limene limatiphunzitsa zimenezi kuposa buku lililonse, liwu lakuti thangata. Kuthangata ndi kuthandiza mnzako, chinthu chokoma. Koma eni maesiteti a kum'mwera atalitenga liwuli n'kulisandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo, linakhala dzina la ukapolo, ndipo linali limodzi mwa madandaulo amene anadzutsa John Chilembwe mu 1915. Kuthandizana kukachotsedwamo ufulu wokana kumasanduka thangata, ngakhale wolamulayo atavala malaya a mtundu wanji.

Ena amati sitikusowa maganizo a ku Ulaya, makolo athu anali ndi umunthu, anali ndi dima, ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. N'zoonadi, ndipo mpaka lero maliro akagwa mudzi wonse umasonkha ufa ndi nkhuni, adzukulu n'kukumba manda osalipidwa. Koma taonani mmene dima limayendera. Anthu amabwera ndi makasu awo kudzalima m'munda mwa mnzawo, amamwa thobwa kapena mowa umene mwini munda wakonza, mawa n'kupita kwa wina. Ntchito ndi ya onse, koma munda uli ndi mwini wake ndipo chimanga chimalowa m'nkhokwe yake. Atsogoleri amene ankati munda wa boma wolimidwa ndi mudzi wonse ndi chikhalidwe cha Afirika sanaliyang'anitsitse dima. Komanso umunthu wa pamudzi sufika ku okushoni ku Kanengo. Sungakambirane mtengo wa fodya ndi kampani ya kunja, sungaitanitse feteleza wodutsa pa doko la Beira kapena la Nacala. Pamafunika bungwe lokhala ndi malamulo olembedwa, mabuku a ndalama ndi atsogoleri osankhidwa, ndipo luso limenelo ndi limene magulu a antchito ndi makopaletivu anapatsa dziko lapansi.

Kwa Akhristu a parishi ya Nambuma ndi mipingo ina, pali nkhawa inanso, yakuti sosholizimu imakana Mulungu. Marx ankatsutsadi chipembedzo, ndipo maboma ena achikomyunizimu anazunza okhulupirira. Koma Nyerere anali Mkatolika wopita ku Misa mokhulupirika. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya 1891, anakana kuthetsa umwini wa katundu koma anaikira kumbuyo malipiro oyenera ndi ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe awo. Kuno kwathu, kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 March 1992 inadandaula za kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa ndi za mitengo imene alimi ankalandira. Patapita mwezi umodzi Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu May antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, sitalaka n'kufalikira. Ufulu wa zipani zambiri umene tinauvotera pa 14 June 1993 unakankhidwa ndi anthu ofunsa funso lija la thukuta ndi phindu, ngakhale ambiri a iwo sankadzitcha a sosholizimu.

Chotsutsa cholemera koposa chimachokera kwa inu amene mumati, zonse mwanenazo tamva, komabe nthawi ya ADMARC msika unali pafupi, sikelo inali yosabera, ndipo mwezi wa February chimanga chinkapezeka pa mtengo umodzi. Sindikutsutsani. Kuyambira 1981 dziko lino linalowa m'mapangano ndi World Bank ndi IMF, mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu ndipo misika yambiri ya ADMARC inatsekedwa. Mlimi anauzidwa kuti tsopano wamasuka, adzasankha yekha wogula. Amene anafika pamudzi ndi venda, sikelo yake atapachika pa nthambi ya mtengo, kugula soya ndi chimanga mu April pamene banja lili ndi ngongole ya fizi, n'kudzagulitsa chimanga chomwecho kwa mwini wake mu January pa mtengo wowirikiza. Njala ya 2002 inatipeza chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Msika wosiyidwa wokha sunamuchitire chifundo mlimi, monganso boma losafunsidwa silinamuchitire. N'chifukwa chake zinthu zimene Amalawi amazikakamira pa chisankho chilichonse ndi zija zochokera ku maganizo akuti boma lili ndi udindo pa wosauka: sukulu ya pulayimale yaulere ya 1994, imene inakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005, ndi chipatala cha boma chosalipiritsa. Palibe chipani chimene chimalimba mtima kunena pamsonkhano kuti chidzazithetsa. Koma kuponi imabwera kuchokera kumwamba, ndipo wopatsa akhoza kuchedwetsa, kuchepetsa kapena kupatsa okhawo omuwombera m'manja. Imathandiza m'mimba chaka chimenecho, siyipereka mphamvu pa mtengo wa mbewu.

Mphamvu imeneyo imabwera alimi akagulitsa pamodzi. Mlimi mmodzi wa matumba asanu sangakambirane ndi aliyense. Alimi 200 okhala ndi nyumba yosungiramo mbewu, sikelo yawoyawo ndi mlembi wodziwa kuwerengera akhoza kudikira mpaka mtengo utakwera, n'kuitana wogula wamkulu kuti abwere ndi lole. Njira zake zilipo kale: NASFAM inakhazikitsidwa mu 1997, lamulo la makopaletivu linabwera mu 1998, ma SACCO alipo, ndipo amayi a banki m'khonde aonetsa kuti anthu a pamudzi amatha kusunga ndalama za gulu n'kugawana pakutha pa chaka popanda bwana wochokera ku boma. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munapsa kale, munasonkha ndalama m'kalabu, msungichuma n'kuzimiririka nazo, kapena wapampando n'kusandutsa kopaletivu ngati munda wa banja lake. Zimenezo zimachitika, ndipo zimachitika pa chifukwa chomwe chija chimene chinagwetsa maboma akuluakulu: mamembala anasiya kufunsa. Kusiyana kwake n'kwakuti msungichuma wa kopaletivu mumadziwa pakhomo pake, mukhoza kumuitanitsa pamsonkhano ndi kumuchotsa ndi mavoti anu, pamene bwana wa ku likulu kapena mwini kampani ya kunja simudzamuona nkhope.

Choncho pempho langa kwa inu omvera, pamene nyengo yogulitsa ikuyandikira, ndi ili. Ngati muli m'kopaletivu kapena m'kalabu, pitani ku msonkhano wa pachaka, mukapemphe kuti mabuku a ndalama awerengedwe mokweza pamaso pa onse, ndipo amayi, amene mumagwira ntchito yaikulu ya kumunda, mukaime nawo pa mipando. Ngati simuli m'gulu lililonse, kambiranani ndi anansi anu ndi alangizi a zaulimi za mmene mungayambire. Mverani mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza chaka chilichonse, ndipo musanakweze thumba lanu pa sikelo ya munthu, funsani ngati inayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.